Chotupa cha Dokotala Nankhoma

Manja achitsulo a Mmisiri, loboti yochita opaleshoni ya ubongo, anatsika mwakachetechete n'kutsegula chigaza cha Dokotala Nankhoma ngati akusenda dzira. Mayiwo anali maso. Pa opaleshoni yotere wodwala sagonekedwa. Amapatsidwa chochita ndi zala, ndipo lobotiyo imawerenga zonse zochitika muubongo wake kuti isadule polakwika.

Ena amasankha kuluka, ena gitala. A Nankhoma, amene anatsegulapo mitu ya anthu ndi manja awo maloboti asanabwere, anaitanitsa gemu yakalekale ya pakompyuta yomwe ankasewera ali mtsikana ku Ndirande. Inali ya opaleshoni ya ubongo. Zithunzi zake zinali zamabokosimabokosi, ndipo wodwala akafa inkalira ngati chule. Udokotala wawo unayambira pamenepo.

"Amayi, zala zili bwanji?" anafunsa Ulemu, mwana wawo, dokotala amene ankayang'anira lobotiyo.

"Iwe samala mutu wangawo. Ine ndili ndi wodwala wanga kuno."

A Nankhoma anaboola, anapukuta magazi, anafika pa chotupa cha mugemu. Mwadzidzidzi dzanja lawo lamanja linalemera, kampeni ka pasikirini n'kuyamba kupita kumbali.

"Mmisiri, ima!" anatero Ulemu. "Bwerera. Lowera kumanzere, pansi pa mtsempha."

"Njira imeneyo ndi yopapatiza," inayankha lobotiyo.

"Ndati kumanzere."

Lobotiyo inamvera. Posakhalitsa zala zija zinadzuka. A Nankhoma sakanatha kutembenuka, koma mtima unadzaza: mwana wawoyo analidi dokotala. Chotupa cha m'mutu mwawo chinatuluka chonse.

A Nankhoma atachira, Ulemu anapita nawo kuchipinda choonera maopaleshoni.

"Amayi, tamverani izi. Chiyambire tsiku lija lobotiyi ikutere, ndipo maloboti a m'zipatala zina atengera. Akuluakulu achita mantha, akufuna tichotse khalidwe limeneli."

Kuseri kwa galasi kunagona bambo wina. Lobotiyo inatsitsa mpeni, inaima, kenako inanena motsitsa mawu: "Odi."

A Nankhoma anagwira chipsera chawo. Zaka zonse za ntchito yawo, asanalowe m'mutu mwa munthu, ankaodira chamumtima. Sanauzepo aliyense. Ngakhale wodwala wa mugemu uja anamuodira, lobotiyo n'kuzimva powerenga ubongo wawo.

"Ukawauze azisiye," anatero akupukuta m'maso. "M'mutu mwa munthu ndi m'nyumba ya eni. Ngakhale chitsulo chiziyamba chaodira."