Wopumira Pansi pa Chitseko

Mlungu wachiwiri chifikireni ku koleji, Kachete anazindikira kuti simenti ya pakhomo la chipinda chawo imakhala yofunda m'mawa. Ankadzuka hositelo yonse ili mtulo kuti akasambe kubafa kusanadzaze, ndipo akaponda panja wopanda nsapato, phazi linkamva kutentha ngati pamene pangochoka munthu. Akasuntha pang'ono, simenti inali yozizira ngati kwina kulikonse.

Dzina la Kachete anamupatsa ndi atsikana anzake, chifukwa ukamufunsa kanthu ankangogwedeza mutu. Sikuti kunali kunyada. Kwawo anali wolongolola mpaka kumuletsa, koma kuno zonse zinkamukulira: kalasi ya anthu mazana awiri, aphunzitsi olankhula ngati akuthawa mvula, nyumba zofanana zimene ankasocheramo tsiku ndi tsiku. Anali woyamba m'banja lawo kufika ku koleji, ndipo mayi ake anali atauza dziko lonse.

M'chipindamo ankagona ndi mtsikana wa chaka chachitatu amene aliyense ankamuitana kuti Asisi.

"Asisi, pakhomopa pamafunda," anatero tsiku lina.

"Ndi paipi ya madzi otentha imeneyo. Usandisokose."

Chimangireni hositeloyo, madzi otentha anali asanatulukemo ngakhale dontho.

Kachete anali ndi chizolowezi chochokera kwawo: kuti zimulowe m'mutu, ankawerenga motulutsa mawu, chapansipansi. Usiku umenewo anali pabedi ndi notsi zake akuunika ndi foni, Asisi ali chigonere ngati thumba la simenti. Nyimbo za m'zipinda zinali zitazima, kutangotsala mpopi wina kubafa umene unkadontha, tho, tho, tho. Pansi pa chitseko pankalowa kamzere ka kuwala kochokera ku babu la m'khonde. Cha m'ma wani koloko kamzereko kanaduka pakati. Chitseko chinalira pang'ono, monga chimachitira wina akachitsamira, kenako kunamveka kupuma kwapang'onopang'ono, cha m'munsi, pafupi ndi simenti.

Kachete anasiya kuwerenga. Patapita kanthawi, chikhadabo chinagogoda thabwa kamodzi kokha. Kenako chinagogodanso. Kachete atayambiranso kuwerenga, kugogodako kunaleka.

Anawerenga mpaka kunja kutayamba kuyera, pamene kamzere ka kuwala kanalumikizananso.

Pomwe nkhaniyo inkafika pochapira zovala, inali itamera nthenga. Ena ankati ndi galu wa alonda. Ena ankati ndi mwamuna, atsikana azikhoma zitseko. Koma a chaka chachinayi ankatsitsa mawu n'kunena kuti m'chipinda cha Kachete chomwecho munkagona mtsikana wina amene anachotsedwa atalephera mayeso, ndipo atabwerera kwawo sanakhalitse moyo. Akuti amabwerabe kudzamvetsera aliyense wowerenga usiku, kuti amalize maphunziro ake.

"Zachibwana zimenezo," anatero Madamu, mtsikana wa chaka choyamba wa chipinda choyandikana, uku akupukuta nsapato zake zazitali. "Anthu ophunzira n'kumaopa mithunzi?"

Madamu ankanunkhira perefyumu kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu, ndipo anali ndi chipinda chayekha chifukwa amene anayenera kugona naye sanabwere. Kachete ankamuchitira nsanje, komanso ankamuopa.

Usiku wachitatu, wachinayi, wachisanu, zinali zomwezo. Kachete atayesa kudzutsa Asisi, iwo anangomukankha n'kufunda kumutu. Atayesa kugona osawerenga, chikhadabo chinagogoda modekha, osatopa, mpaka anatsegula buku. Masana ankawodzera m'kalasi. Pa mayeso oyamba anangoyang'ana pepala, zonse zimene anawerenga zili mbalambanda m'mutu koma dzanja likukana, ndipo anapeza zisanu ndi chimodzi pa makumi atatu.

Mayi ake ataimba foni madzulo ake, anafunsa ngati akudya bwino.

"Ndikudya, amayi."

"Azing'ono ako akuti akufuna adzafike kumene wafika iweko. Limbikira, mwanangu."

Za mayeso zija sanawauze. Foni itaduka analira, chifukwa anali atatopa, anali ndi mantha, ndiponso anapukwa kwawo koopsa. Anaganiza kuti kuli bwino akachite manyazi kwawo kusiyana ndi kupenga kuno. Anapinda zovala zake m'chikwama, n'kutsimikiza kuti akwera basi yoyamba, imene inkaliza hutala pageti nthawi ya faifi.

Usiku umenewo kunazima magetsi. Panalibe kamzere koyang'ana, mdima wokhawokha, koma kupuma kunabwera pa nthawi yake. Kachete anakhala pabedi atavala kale nsapato, chikwama pamiyendo, akulakatula za pamtima chifukwa buku linali kale m'chikwamamo. Itakwana hafu folo anaimirira. Njira yopita kugeti inali imodzi basi. Anatembenuza kiyi, natseka maso, n'kukoka chitseko.

Chinthu cholemera chinagwera pamapazi ake chagada, n'kukuwa. Nayenso anakuwa. Atayatsa foni anaona bulangete, mapazi opanda nsapato, ndi nkhope yopanda zodzola imene poyamba sanaizindikire.

"Madamu?"

"Chonde musakuwe," ananong'ona mtsikanayo atamugwira mwendo. "Chonde, anthu asadziwe."

"Ndinu? Masiku onsewa ndinu?"

Madamu anakhala tsonga n'kudzikulunga bulangete. "Chibadwireni sindinagonepo ndekha. Kwathu timagona atatu bedi limodzi. M'chipinda mwanga muja, bedi lopanda munthu lija limalira usiku ngati wina akutembenuka. Sindikudziwa chimaliliza, ndipo sindifuna kudziwa. Tsiku lina ndinakumvani mukuwerenga. Mng'ono wanga amawerenga choncho. Ndikakhala apa ndimapezako tulo."

"Nanga kugogoda kuja?"

"Mukasiya ndimadzidzimuka." Anaweramitsa mutu. "Pochapira paja ndinafuna kuulula, koma nkhani inali itakula. Ndinachita manyazi."

"Ine ndalephera mayeso chifukwa cha inu!"

"Ndikudziwa. Ine ndinapeza twente seveni. Zonse ndinamvera kwa inu, pansi pa chitseko. Mumazidziwa zinthu, inu."

Kachete anafuna kumumenya ndi chikwama chija, koma chimene chinatuluka chinali chiseko chosakanikirana ndi misozi. Apa m'pamene Madamu anachiona chikwamacho.

"Mukupita kuti?"

"Kwathu."

"Ndiye ine ndizikakhala pakhomo pa ndani?"

Asisi anatembenuka pabedi n'kung'ung'udza kuti ofuna kucheza akachezere panja. Kuseri kwa khoma, m'chipinda cha Madamu mmene munalibe munthu, chitsulo cha bedi chinalira kamodzi, motalika. Atsikana awiriwo anayang'anana.

"Lowani, tsekani chitseko," anatero Kachete. "Matiresi anu tikatenga kukacha."

Anavula nsapato n'kusunthira kukhoma, Madamu n'kugona m'mphepete. Basi italiza hutala pageti, onse awiri anali mtulo.