Akazi a Everisto Aimirire

Estela anakumana ndi Everisto pa mlatho wa Luangwa mu 1997, akugulitsa nsomba zouma kwa madalaivala a malole. Everisto anagula mulu umodzi, koma sanachoke mpaka injini inazizira.

"Mtengo wa nsomba ndaumva," anatero. "Nanga kumwetulirako n'zingati?"

"Ba dalaivala, inu muli ndi mawu okoma pa siteshoni iliyonse."

"Awe, mwandi! Kwinako ndimangodutsa. Iwe, shuga wanga, ndiwe siteshoni yanga yomaliza."

Mawuwo Estela anawasunga ngati mbewu. Patatha zaka ziwiri anali atabereka kamwana kumsana, Towela. Lachisanu lililonse Everisto ankaliza hutala katatu, Estela n'kuthamangira kumsewu. Komabe mtima wake sunkakhala pansi. Maliro a madalaivala anali atachuluka. Everisto akangokhosomola, iye ankatchera khutu.

Chaka chimenecho kampani ya Everisto inagwirizana ndi boma polimbana ndi Edzi. Kampani inaika makontena pamalo oimapo malole, boma linatumizamo manesi ndi makondomu. Dalaivala aliyense ankalemba pakhadi dzina la mkazi wake kuti naye akaphunzire. Estela anaona ndi maso ake Everisto akulemba dzina lake. Anasangalala bwanji!

Tsiku la maphunziro, basi ya kampani inatola azimayi m'masiteshoni onse n'kuwatula pamlatho. Nesi anayamba kuitana mayina.

"Akazi a Everisto Mpuka aimirire."

Estela anaimirira. Kumbuyo kwake benchi inalira. Atacheuka anaona mayi wina woyembekezera, nayenso ali chilili.

Nesi anayang'ana makadi amene anali m'manja mwake. "Makadi alipo awiri. Lina la pano, lina la ku Nyimba."

Azimayi onse m'kontenamo anacheuka kuwayang'ana.

Panja, Estela anamusendera mayi uja.

"Amai, kodi inu Everisto amakutchulani chiyani?"

"Siteshoni yomaliza," anayankha mayiyo, misozi ili mbwee. "Nanga inu?"

Estela anayang'ana kumsewu. Kodi masiteshoni omaliza analipo angati pamsewu umenewu? Kodi Everisto ankabwera ndi chiyani m'magazi mwake Lachisanu lililonse?

Towela anayamba kulira, akufunafuna bere. Estela anamugwira kadzanja. Mkaka umenewu unali moyo kapena ululu?

Anamukoka mayi wa ku Nyimba pamkono. "Tiyeni, mnzanga. Kukangana tikangana mawa. Lero tiganizire anawa."

Analowanso m'kontena muja onse awiri. Estela anapinda malaya, natambasula mkono. "Ba Sista, tengani magazi. Ndifuna kudziwa."

"Zotsatira zibwera pakatha masabata awiri, mamie. Mudzalimba?"

"Ndidzalimbira uyu."

Lachisanu litakwana, hutala inalira katatu.

"Estela! Shuga wanga! Wandikwiyira chiyani?"

Estela anapitiriza kuyala nsomba zake, Towela ali pamiyendo. Dzina la munthu ameneyu linali litamuimiritsa kale pamaso pa anthu. Ulendo uno sanaimirire.