Ulendo wa Martina wa ku Nathenje

Martina ankakhala ku Mitundu. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankafunitsitsa kuyenda ulendo. Koma anali asanapite kutali.

Ankadziwa njira ya kusukulu. Ankadziwa njira ya kumsika. Ankadziwa njira ya kuchigayo. Basi.

Tsiku lotsekera sukulu linafika. Aphunzitsi ake, a Lydia, anabwera ndi zithunzi. Anazimata pa bolodi.

"Uku ndi ku Iguputo," anatero aphunzitsi. "Awa ndi mapiramidi. Ndi akalekale."

Ana anayang'ana.

"Uku ndi ku Zambia. Awa ndi mathithi a Vikitoliya. Madzi ake amagwa ndi mkokomo waukulu."

Ana anayang'ana.

"Uku ndi ku Nowe. Kumazizira kwambiri. Pansi ponse pamayera ndi chipale chofewa. Anthu ena amapita kumalo amenewa pa holide."

Martina anakweza dzanja.

"Madamu, kumeneko amapita pa minibasi?"

Ana ena anaseka. Aphunzitsi sanaseke.

"Kwina amapita pa basi," anatero. "Kwina amapita pa ndege."

Martina anabwerera kunyumba. Anapeza amalume ake, a Gilibati, atakhala pakhonde. A Gilibati ankayendetsa thiraki yonyamula katundu. Ankapita nayo kumayiko akunja. Tsiku limenelo anabwera kudzapuma.

Martina anawapatsa moni. Kenako anakhala pansi pafupi nawo.

"Amalume, inu munafika kuti?"

"Ndinafika ku Beira," anatero amalume. "Kuli nyanja yaikulu. Madzi ake ndi amchere."

"Kwinanso?"

"Ndinafika ku Tanzania. Kuli doko la sitima zikuluzikulu."

"Kwinanso?"

"Ndinafika ku Joni. Kuli nyumba zitalizitali. Ukaziyang'ana, khosi limawawa."



"Ine sindinafike kulikonse," anatero Martina.

Nthawi yomweyo foni ya amayi inalira. Amayi anayankha. Anamvetsera. Kenako anaseka mokweza.

"Martina! Kwa azakhali ako a Edith kwabadwa mwana. Mawa ndikupita ku Nathenje. Upita nane?"

Martina anadumpha.

"Ndipita! Ndipita!"

Kenako anaima. Anatembenukira kwa amalume.

"Amalume, ine ndilibe pasipoti."

Amalume anamwetulira.

"Pasipoti ndi yopitira kunja. Nathenje ndi konkuno ku Malawi. Koma ulendo ndi ulendo. Khala pansi ndikuuze."

Martina anakhala pansi.

"Usananyamuke, dziwa kumene ukupita. Ukupita kuti?"

"Ku Nathenje."

"Usanakwere galimoto, funsa. Ine ndinafunsa ku Beira. Ndinafunsa ku Joni. Iwenso uzifunsa."

"Ndizifunsa."

"Ukasochera, ima pomwepo. Usathamange. Munthu woima savuta kumupeza."

"Ndiima pomwepo."

Amalume anatenga kapepala. Analembapo nambala ya foni ya amayi. Martina anapinda kapepalako. Anakaika m'thumba la diresi lake.

M'mawa kunacha. Kunja kunali kozizira. Martina anavala juzi. Amayi anavala chitenje chobiriwira. Anasenza thumba la ufa. M'manja anatenga chikwama.

"Tikwera minibasi ziwiri," anatero amayi. "Yoyamba itifikitsa ku Lilongwe. Yachiwiri itifikitsa ku Nathenje."

Anakwera minibasi yoyamba. Martina anakhala pawindo. Minibasi inanyamuka.

Martina anaona minda youma. Anaona phiri la Bunda. Anaona njinga zonyamula makala. Kenako anaona nyumba zambiri. Anaona magalimoto ambiri.

"Uku ndi ku Joni?" anafunsa.

"Ayi," anatero amayi. "Uku ndi ku Lilongwe."

Anatsika pa depoti. Panali anthu ambiri. Panali phokoso. Ena ankagulitsa mandazi. Ena ankagulitsa madzi. Makondakitala ankakuwa uku ndi uku.

Manja a amayi anali otanganidwa. Dzanja lina linagwira thumba pamutu. Dzanja lina linagwira chikwama.

"Gwira chitenje changa," anatero amayi. "Usasiye."

Martina anagwira. Anayenda. Anayenda.

Mwadzidzidzi kunabwera bambo wokankha wilibala. Wilibalayo inadzaza kabichi.

"Njira! Njira!" anakuwa bamboyo.

Martina analumphira kumbali. Chitenje chinamupulumuka. Wilibala inadutsa. Anthu ena anadutsanso.

Martina anayang'ana kutsogolo. Anaona chitenje chobiriwira. Anachitsatira. Chitenje chinakhotera kumanja. Martina anakhotera kumanja. Chitenje chinafika pa minibasi yoyera. Chinalowa m'kati.

"Kwera, mwana, kwera!" anatero kondakitala.

Martina anaponda pakhomo ndi phazi limodzi. Kenako anakumbukira.

"Achimwene, minibasiyi ikupita kuti?"

"Ku Salima!"

"Koma ine ndikupita ku Nathenje."

Mayi wa chitenje chobiriwira uja anatembenuka. Sanali amayi ake. Anali mayi wina.

Martina anabweza phazi. Minibasi inadzaza. Inanyamuka. Inapita.

Martina anayang'ana kumanja. Amayi kunalibe. Anayang'ana kumanzere. Amayi kunalibe. Anayang'ana kumbuyo. Amayi kunalibe.

Miyendo inkafuna kuthamanga. Koma Martina anaima pomwepo. Sanathamange. Misozi inayamba kutsika.

Pafupi panali mayi wogulitsa nthochi. Dzina lawo linali a Thandiwe. Iwo anamuona Martina.

"Mwanawe, ukulira chiyani?"

"Amayi anga sindikuwaona."

"Mukupita kuti?"

"Ku Nathenje."

"Mwachokera kuti?"

"Ku Mitundu."

"Nambala ya amayi ako ukuidziwa?"

Martina anapisa m'thumba. Anatulutsa kapepala kaja.

A Thandiwe anatenga foni yawo. Anaimba. Foni inaitana. Inaitana. Palibe anayankha.

Martina analira kwambiri.

"Usalire," anatero a Thandiwe. "Pano pali phokoso. Mwina sanaimve. Khala apa pafupi ndi ine."

Anamupatsa nthochi imodzi. Martina anailandira ndi manja awiri. Koma sanadye.

A Thandiwe anaimbanso. Foni inaitana. Inaitana.

"Halo! Halo!" Anali mawu a amayi.

"Mayi, mwana wanu ali ndi ine. Ali bwinobwino. Bwerani pamene pamaima minibasi za ku Salima. Muona dengu la nthochi."

Martina anadikira. Anthu ankadutsa. Magalimoto ankadutsa. Kenako anaona thumba la ufa pamwamba pa mitu ya anthu. Linkabwera mofulumira.

"Amayi!"

Amayi anatula thumba pansi. Anagwada. Anamukumbatira Martina. Ankangopuma mwawefuwefu.

"Amayi, pepani," anatero Martina. "Ndinasiya chitenje."

"Ine ndiye ndinayenda mofulumira," anatero amayi. "Wachita bwino kuima."

Amayi anathokoza a Thandiwe. Anathokoza kawiri, katatu.

"Musathokoze ine," anatero a Thandiwe. "Mwanayu anafunsa asanakwere. Akanapanda kufunsa, bwenzi pano ali pa msewu wa ku Salima."

Amayi anasenzanso thumba. Chikwama anachikoleka paphewa. Tsopano dzanja limodzi linalibe kanthu. Anagwira nalo dzanja la Martina.

Anafika pa minibasi ina.

"Nathenje! Dedza! Nathenje!" ankakuwa kondakitala.

Martina anaima pakhomo.

"Achimwene, minibasiyi ikupita kuti?"

"Ku Nathenje, mwana."

"Zoona?"

"Zoona!"

Anthu a m'minibasi anaseka. Amayinso anaseka. Martina anakwera. Anasenda nthochi yake. Anagawana ndi amayi.

Msewu unali wautali. Martina anaona mapiri. Anaona mbuzi m'mphepete mwa msewu. Basi yaikulu inawapitirira.

"Imeneyo ikupita kuti?" anafunsa.

"Mwina ku Blantyre," anatero amayi. "Mwina ku Joni."

Martina anaiyang'ana mpaka inazimiririka.

Dzuwa lili pamutu, anafika ku Nathenje. Anatsika. Anadutsa pa msika. Anadutsa pa mjigo. Anafika pa nyumba ya chitseko chabuluu.

"Odi!" anatero amayi.

"Lowani, alamu!"

Azakhali a Edith anali pamphasa. Anali atanyamula mwana m'nsalu yofewa.

"Mwayenda bwanji?" anafunsa azakhali.

Amayi anamuyang'ana Martina.

"Fotokoza ndiwe," anatero.

Martina anafotokoza zonse. Anafotokoza za wilibala. Anafotokoza za chitenje chobiriwira. Anafotokoza za mayi wa nthochi. Azakhali anagwira pakamwa.

"Iwe Martina! Wakula ndithu. Bwera udzamuone mnzako. Dzina lake ndi Mwayi."

Martina anasamba m'manja. Anakhala pamphasa. Anawongola miyendo. Azakhali anamuika Mwayi pamiyendo pake.

Mwayi anali wamng'ono kwambiri. Zala zake zinali zing'onozing'ono. Anatsegula diso limodzi. Anayasamula.

"Mwayi, ndine Martina," ananong'ona Martina. "Ndachokera ku Mitundu."

Kenako Martina anamva kutentha pamwendo. Anayang'ana. Diresi lake linali litanyowa.

"Azakhali! Mwayi wandikodzera!"

Azakhali anaseka. Amayi anaseka mpaka misozi.

"Ndiye kuti wakukonda," anatero azakhali. "Bwera naye ndimusinthe thewera."

Martina anamuyang'ana Mwayi. Mwayi anali atagona kale.

"Dikirani pang'ono," anatero Martina. "Angadzuke."