Khadi Lofiira la Dailesi

Tsiku limene Dailesi analowa m'kashopu kokonzera makompyuta ku Biwi, Pemphani anali atangomaliza kuchita chinthu chimene sakanafuna kuti amayi ake achione.

Patebulo pake panali makhadi awiri a girafikisi, tizipangizo tija timaikidwa m'kompyuta kuti zithunzi za magemu ziziyenda mosadukiza. Lina linali lakuda, lina lofiira. Lakudalo linali labwinobwino. Koma lofiiralo linabwera litafa, ndipo Pemphani analiuzira mpweya wotentha mpaka linatsitsimuka. Aliyense wokonza makompyuta amadziwa kuti khadi lowotcha limangokoka milungu yochepa, kenako limafa osadzukanso.

"Odi kuno! Ndinu a Pemphani?"

Mnyamatayo anadzutsa mutu. Abale, mtsikanayo anali wokongola! Maso ake anali akuseka ngakhale pakamwa panali potseka.

"Ndine Dailesi, ndachokera ku Chinsapo. Ndikutsegula malo osewerera magemu m'hokala yakale ya amayi anga. Andiuza kuti pa zamakhadi inu ndi dolo."

"Sanakunamizeni, achemwali. Khalani apa," anatero Pemphani akupukuta mpando ndi malaya ake. "Awiriwa mtengo ndi umodzi. Lakudali lili ndi fani imodzi, silidya magetsi, silifuna chingwe chapadera. Lofiirali lili ndi mafani awiri, limatenthako pang'ono, koma ndi chilombo."

"Zapakamwa ayi. Tiyeseni ndione ndekha."

Anayamba ndi lakuda. Anatsegula gemu ya mpira, ndipo Pemphani analoza kanambala kamene kanali pakona ya sikirini. Anafotokoza kuti kamasonyeza kuchuluka kwa zithunzi zodutsa pa sekondi, kakakwera ndiye kuti khadi ndi lamphamvu. Kanambalako kankasewera cha m'ma sikisite.

"Ili landisangalatsa," anatero Dailesi. "Kwathu magetsi akazima ndidzadalira batire, ndiye losadya magetsi ndi labwino."

Nthawi yomweyo foni yake inalira, iye n'kutuluka panja kukayankha. Apa ndi pamene satana anamunong'oneza Pemphani. Makhadi awiriwa mphamvu zake zinali zofanana ndithu, ndiye lofiira likanapambana bwanji? Analiika msangamsanga, n'kutsitsa masetingi a gemu. Udzu wa m'bwalo unasanduka kapeti, mithunzi inasowa, anthu oonerera anakhala opanda nkhope. Dailesi pobwerera anapeza kanambala kaja katadumpha handiredi.

"Eee! Kusiyana konseku?"

"Mwaona nokha, achemwali."

Dailesi anatenga lofiira. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena mawu amene anamubaya Pemphani pamtima.

"M'tauni muno andizunguza mutu mokwanira. Inu nokha ndi amene mwandionetsa zoona ndi maso anga."

Atangochoka, Weston, mnzake wokonza mafoni amene ankagawana naye shopuyo, anaphulika kuseka.

"Aise, wagulitsa mtembo kwa mwana wabwino chonchi? Ulibe chisoni!"

Pemphani anayesa kuseka nawo, koma kuseka kwake sikunatuluke bwino.

Madzulo ake uthenga unalowa pafoni: "Lagwira! Zikomo a dolo a ku Biwi." Iye anayankha. Dailesi anayankhanso. Ndipo mukudziwa mmene zimayendera, pasanapite nthawi "achemwali" aja anasanduka "Daile wanga," "a Pemphani" n'kusanduka "Pempha." Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankakumana pachiwaya, kudya tchipisi m'mbale imodzi, kulimbirana kachidutswa komaliza.

"Wadzuka bwanji mtima wanga? Ndakusowa ngati sitinaonane dzulo," Dailesi ankalemba.

"Duwa langa, ndikamva mawu ako ngakhale magetsi azime kwa ine kumawala."

"Usadzandinamize, Pempha. Zina zonse ndingapirire."

"Sindidzakunamiza, bebi. Ndikulonjeza."

Atatumiza uthenga umenewo, Pemphani anaika foni chafufumimba patebulo, osafuna kuiyang'ananso. Munthu ungalonjeze bwanji chinthu chimene unaphwanya kale tsiku loyamba?

Tsiku lina Dailesi anamufunsa akusenda nzimbe pakhonde la hokala ija.

"Bwanji kanambala kaja kuno sikafika handiredi ngati kwanu kuja?"

"Ndi fumbi la ku Chinsapo, switi. Limatsamwitsa mafani."

Dailesi anaseka mpaka kumumenya paphewa. Pemphani analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Chikondi chimapusitsa, abale. Dailesi atanena kuti akufuna kudzagula kompyuta yachiwiri, Pemphani yemweyo ndi amene anachita mantha kuti anthu angamubere. Anamupatsa kasikuludiraiva kachigwiriro chachikasu n'kumukhazika pansi.

"Usamagule khadi usanalitsegule. Ukaona kapepala kapasikuluwu n'kong'ambika, pulasitiki ya m'mbali yachita bii ngati yawauka, thawa. Limenelo ndi lowotcha, silichedwa kufa. Ndipo poyerekeza makhadi awiri, uzionetsetsa kuti masetingi ndi ofanana."

"Koma ndiye pali anthu oipa padziko," anatero Dailesi akupukusa mutu.

"Alipo," anayankha Pemphani akuyang'ana nsapato zake.

Khadi lakuda lija sanaligulitse. Makasitomala ankalifuna, iye n'kumati linapita. Analikulunga m'kansalu n'kuliika pansi pa chikwama chake, kuti tsiku lina adzalisinthe mwakachetechete. Mpata unapezekadi kuhokala kuja tsiku limene Dailesi anapita kukagula zakumwa. Pemphani anali atamasula sikuluwu imodzi ya kompyuta pamene amayi a Dailesi anasuzumira pakhomo.

"Ndinu a Pemphani aja? Mwana wanga amakutamani kwabasi, akuti ndinu munthu wachilungamo. Mulungu akudalitseni, bambo."

"Zikomo, amayi," anayankha atanjuta.

Anabwezeretsa sikuluwu ija, thukuta likuyenderera kumsana.

"Ingomuuza, mani," Weston anamulangiza, tsopano osasekanso. "Akwiya, koma adziwa kuti wachokera kwa iwe."

"Ndiyambira pati? Ndimuuze kuti tsiku limene ankandiyamikira lija ndinali ndikumubera?"

Kenako Dailesi anakonza mpikisano wa gemu ya mpira. Anamata zikwangwani m'magolosale, anyamata a ku Chinsapo ngakhale a ku Kawale analembetsa. Unali woti uchitike Loweruka masana, ndipo m'mawa mwake analemba: "Ubwere msanga wapamtima. Lero ndikufuna anthu onse aone munthu amene anandiimika."

Pemphani anatsimikiza mtima kuti lero ndiye lero, akanena zonse mpikisano usanayambe. Anafika pasiteji chikwama chili kumsana. Minibasi yoyamba inaima, iye anailola kupita. Ina inabwera, kondakitala anachita kumukoka dzanja, iye anakana. Ankakonza mawu m'mutu, akawayesa n'kuona kuti sakukwana. Manyazi, abale! Pamene ankakwera n'kuti dzuwa litapendeka.

Atayandikira hokala ija anakumana ndi anyamata akutuluka, akung'ung'udza.

"Zachibwana izi! Gemu ili pakati basi sikirini mizeremizere!"

"Tinanena ife, za magemu si za atsikana."

Mawu amenewo anamuwawa kuposa mbama. M'katimo mabenchi anali opanda anthu. Dailesi anakhala pansi, khadi lofiira lili pamiyendo, kasikuludiraiva kachikasu kali m'manja. Maso ake sanali kusekanso.

"Ndatsegula monga unandiphunzitsira," anatero motsitsa mawu. "Kapepala n'kong'ambika. M'mbalimu mwachita bii."

"Daile..."

"Ndakumbukiranso china. Tsiku lija ku Biwi, nditabwera koyankha foni, anthu oonerera mpira analibe nkhope. Ndinaona, koma sindinadziwe tanthauzo lake." Anamuyang'ana m'maso. "Komabe mwina ndikulakwitsa. Mwina nawenso anakupusitsa amene anakugulitsa. Ndiuze kuti sunadziwe, Pempha. Ndikhulupirira."

Khomo lothawira linali limenelo, lotsegula, ndipo anamutsegulira ndi Dailesi yemwe. Bodza limodzi lokha, laling'ono! Pemphani analimva likubwera pakhosi. Koma anayang'ana nkhope ija, ndipo linakanika kutuluka. Anavula chikwama, anatulutsa kansalu kaja n'kukafunyulula. Khadi lakuda linaonekera.

"Ndinaliwotcha ndine. Masetingi ndinatsitsa ndine. Ili ndi lija unalikonda, ndimafuna ndikusinthire."

Dailesi analiyang'ana.

"Wakhala nalo kuyambira liti?"

"Kuyambira sabata yoyamba ija."

"Ndiye pamene tinkadya tchipisi linali m'chikwamamu? Pamene unkandilembera kuti sudzandinamiza linali momwemu? Tsiku lija amayi anga akuti anakudalitsa, unali nalo pomwepo?"

Pemphani anagwada, misozi ikugwera pa simenti.

"Ndinkachita manyazi, mtima wanga. Ndinkaopa kukutaya. Ndikhululukire!"

"Ukanandiuza tili awiri, ndikanakwiya, mwina ndikanalira, koma zikanatha. Manyazi ako wawasunga bwino, Pempha, mpaka lero wandisenzetsa ine pamaso pa Chinsapo yonse."

"Ndiliike pompano. Ndiwaitana anyamata aja, ndiwauza kuti wolakwa ndine."

"Ayi." Dailesi anaimirira n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Lakudalo bwererani nalo, a Pemphani. Ndikagula kwina. Kuyesa khadi ndikudziwa tsopano, munandiphunzitsa bwino."

Anamutambasula dzanja, n'kuikamo khadi lofiira lija, pamwamba pake kasikuludiraiva kachikasu.

Pemphani anatuluka ali wera, osayang'ana kumbali. Amayi a Dailesi, amene sanadziwe kanthu, anamukuwira ali kuseri kwa nyumba kuti, "Bambo, mukupita osamwa ndi madzi omwe?" Iye anangofulumiza miyendo kulowera kusiteji, khadi lofiira lili m'manja, likadali lofunda.