Banga la Pambali pa Folo

M'nyumba ya wokonza mawotchi munali mtendere. M'mawa banja linkapemphera, kenako bambo ankakhala pakathebulo ka pakhonde, galasi lokulitsira lili kudiso, pambali pawo mwana wawo wamwamuna. Mnyamatayo ankamutcha Chala, chifukwa popenta manambala a wotchi dzanja lake silinkanjenjemera. Luso analidi nalo. Chimene analibe ndi makutu.

Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye, atamanga m'kansalu wotchi yakale ya malemu amuna awo. Nkhope ya wotchiyo inali itachita chikasu, ndipo pambali pa nambala folo panali banga lofiirira.

"Izingoyenda basi," anatero mayiwo. "Kumasoko musakhudze."

Bambo anakonza zam'kati, wotchi inayamba kugunda. Popita kumaliro anamuloza Chala. "Iwe, nkhope yakale sitipala, sitipenta. Uchotse fumbi ndi burashi youma, utseke. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Bambo atangokhota, anatulukira wogula zinthu zakale, munthu wa jekete lachikopa ndi mawu a shuga.

"Mphwanga, ukudziwa chimene wagwirachi? Nkhope yosapentedwa ngati iyi olemera amaiphera. Ndipatse ine, iwe uvale jekete ili. Utole ina m'bokosi la mawotchi akufawo, uipente."

"Bambo andisenda wamoyo."

"Bambo ako maso anatha kalekale. Mayi aja ndiye adzavina poona wotchi ikuwala. Kapena luso lakolo ndi la pakamwa?"

Mawu omalizawo anamulowa Chala ngati minga. Anazula mivi yolozera nthawi, anachotsa nkhope, napereka. Anatola ina, anaipala mpaka mbee, anaipaka utoto wachikasu kuti ioneke yokalamba, nalemba manambala okongola kuposa akale. Atafika pa folo anaima. Banga lija analikumbukira ndithu. Koma aike litsiro pa ntchito yake yokongola chonchi? Analisiya.

Mayi ake atamuona ndi jekete anagwira m'chiuno. "Limeneli lagwa kumwamba?"

"Mnzanga wandibwereka."

"Mnzako wa maso a khoswe uja? Bweza msanga, lisanakupsereze!"

Chala anangokweza kolala.

M'mawa mwake mayi wamasiye anafika bambo ali pomwepo. Chala anapereka wotchi ndi manja awiri, mano onse panja. Mayiwo anayang'ana, anapukuta maso, anayang'ananso.

"Banga lili kuti?"

"Linali litsiro, mayi. Ndachotsa."

"Litsiro? Iwe mwana wopanda manyazi! Tsiku limene mwana wathu anagwera m'chitsime, amuna anga analumphira momwemo wotchi ili pamkono. Madzi analowera pamenepo. Mwanayo lero ali ndi ana ake! Zaka zonsezi ndikafuna kuona amuna anga ndimayang'ana pa folo. Iwe ukuti litsiro?"

Bambo anatsomphola wotchi, anaika galasi kudiso. Maso aja amati anatha anaona zonse.

"Iyi si nkhope yake. Wapita nayo kuti, wakuba iwe? M'nyumba mwanga? Pathebulo langa?"

Anamukoka ndi kolala ya jekete lomwelo mpaka kumsika, mayi wamasiye ali m'mbuyo kulalata, anthu akutsatira. Wogula zakale anamupeza akutokosa m'mano, atavala jekete lina.

"Nkhope yanji, achikulire? Mnyamatayu ndikumuona koyamba lero."

Chala anagwada m'fumbi, kulira ngati mbuzi yomangidwa. Nkhope sinabwerere. Mayiwo anamanga wotchi m'kansalu kake, nati, "Ikugunda, koma si ya amuna anga."

Mlungu usanathe, anthu anadzatenga mawotchi awo, mawotchi ena akadali otsegula. Bambo anatsitsa chikwangwani chimene chinakhala pakhonde zaka makumi atatu, analowetsa kathebulo m'nyumba. Jekete lija mayi ake a Chala anakolezera moto.

Chala alipobe. Mukamufuna, mumupeza akupenta manambala pazitseko za zimbudzi za kumsika, ndipo folo wake ndi wokongola kwabasi. Palibe amamusiyira ngakhale ambulera kuti awagwirire.

Ana inu, imvani bwino. Chinthu cha mwini chimene mwapatsidwa kuti musunge, musachisinthanitse, ngakhale chioneke chonyansa m'maso mwanu, pakuti simudziwa chimene mwini wake amaonapo. Kuba ndi kuba ndithu, ngakhale mutakupaka utoto wowala bwanji.