Mzimayi Wopanda Mutu mu Kompyuta ya Blackson

Kompyuta ya Blackson inali yakale moti poyaka inkayamba yatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Sikirini yake inali chimphika chenicheni, ndipo chilichonse inkachionetsa mobiriwira, ngakhale nkhope ya munthu. Koma inkadziwa ntchito imodzi imene mu komboni ya George monse munalibe wina woidziwa. Munthu umaima malo amodzi, n'kumajambula uku ukutembenuka pang'onopang'ono, iyo n'kusoka zithunzizo kukhala chimodzi, choti ukakoka mausi malo onse amazungulira ngati waima pomwepo. Blackson ankafuna kukadabwitsa nazo eni maloji a ku Mtendere kuti azimupatsa ntchito, ndiye anayamba ndi pabwalo pa nyumba imene ankachita lendi.

Malaiti masiku amenewo ankabwera anthu atagona. Blackson ankadzuka, kuyatsa chimakinacho, n'kukhala mumdima icho chikukukuta m'kati, kwekwerere, kwekwerere, ngati khoswe wapeza chimanga. Kunja agalu ankayankhana, malata ankadzilirira okha. Chithunzi chitatha kusokedwa, anakoka mausi. Mpanda, bafa, chingwe cha zovala, zonse bwinobwino. Koma pafupi ndi diramu ya madzi panali mzimayi wowerama, wa chitenje, wopanda mutu, njerwa za khoma zikuonekera m'thupi mwake. Anakokanso, uyo ali pansi pa mtengo wa mapapaya. Anakokanso, uyo ali pakhomo, akulowa m'nyumba.

Anadzutsa mkazi wake Nsama, ndipo apo m'pamene anadziputira. Nsama anayang'ana, n'kuyankhula monong'ona kuopa kudzutsa amayi ake, amene anali atabwera kuchokera ku Kasama kudzaona mdzukulu wawo Mwango ndipo ankagona kuseri kwa katani.

"Bashi Mwango, ichi chinthu mwaleta mu nyumba ni chani?" anafunsa, akumuitana ndi dzina la mwana wawo monga achitira Abemba.

Blackson anati ndi vairasi. Nsama anati vairasi yovala chitenje sanaionepo.

Pofika m'mawa nkhani inali itafika kale pakiyosiki pa madzi, itanenepa. Ena amati mutuwo uli m'kati mwa chimphikacho, ndiwo umatsokomola. Ena amati mzimayiyo amatuluka usiku kukapempha mchere. Wina analumbira kuti nkhuku yake inayang'ana pawindo la Blackson n'kusiya kuikira. Mwini nyumba, a Kafula, anaima patali ngati pali njuchi, n'kunena kuti Lamlungu abusa akubwera ndi palafini. Chimakinacho chikapanda kuyera, chipsa pabwalo pomwepo anthu akuimba.

Blackson anatsegula kompyutayo, kuuzira fumbi mpaka kuyetsemula, kupukuta waya aliyense, kuitukwana mpaka kwa amene anaipanga. Madzulo dzuwa litapendeka, nthawi imene kuwala kumakhala bwino, anaimanso pakati pa bwalo, diso limodzi lili phwii pakamera, linalo atatsinzina, n'kuzunguliranso. Usiku kwekwerere uja anatalika kuposa kale, malaiti n'kuthima chithunzi chili pakati, iye n'kuyambiranso akukukuta mano. Chitatuluka, mzimayiyo analipo. Ulendo uno anali pafupi, dzanja limodzi lili lalitali ngati mpini wa khasu, ndipo penapake anali ndi miyendo yokhayokha.

Nsama anasamutsira mphasa ya mwana kwa aneba. Blackson anayesa kufufuta chinthucho ndi mausi, kompyuta n'kuuma gwa, sikirini n'kuda bii. Anakhala pamenepo atagwira tsaya, akumva kupuma kwa kuseri kwa katani, osadziwanso ngati ndi kwa munthu mmodzi.

Lachisanu anajambulanso, koma tsiku limenelo pampanda panali mitu ya anthu ndandanda, aliyense wofuna kuona mzukwa ndi maso ake. Iye atangoyamba kutembenuka, Bwembya wogulitsa vitumbuwa anaphulika ndi chiseko mpaka kugwa pa ndowa imene anakwerapo.

"Ba Blackson, chosani diso pa kamera, muone bapongozi banu!"

Anachotsa. Patsogolo pake pang'ono, atawerama mpaka mawondo kugunda pachifuwa, panali amake Nsama, atanyamula beseni. Nthawi imeneyo ndi imene ankachokera kosamba. Kuti akalowe m'nyumba anayenera kudutsa pamaso pa mkamwini, zimene mayi wolemekezeka sangachite atangofunda chitenje chimodzi. Ndiye ankathawa maso ake, koma mkamwiniyo osaima malo amodzi, n'kumawatsata ngati dala, iwo n'kumazungulira bwalo lonse chowerama. Kamera inkawagwira m'mphepete mutu utatuluka kale, kompyuta n'kusoka zidutswazo mmene yafunira.

Mayiwo sanayankhule ndi iye. Anauza Nsama m'Chibemba, nkhope ataloza kukhoma, kuti mwamuna wake aleke kuzungulira ngati nkhuku yodulidwa khosi, msana wawo watha.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma a Kafula anati kuseka sikuyeretsa nyumba, akufuna chithunzi choyera. Loweruka Blackson anathamangitsa aliyense, kutseka geti ndi waya, n'kutuma Nsama kuti apemphe amayi akhale pampando, atafulatira, osagwedezeka. Anajambula maso onse ali otsegula. Pabwalo panalibe ngakhale nkhuku.

Usiku umenewo agalu sanauwe. Makina anakukuta, anakukuta, n'kukhala chete. Blackson anakoka mausi. Apongozi ali pampando, athunthu, ndi mutu womwe. Anapuma mpaka pansi pa mimba, n'kukokanso. Pansi pa mtengo wa mapapaya panali mzimayi wina, woima chilili, wosawerama ngakhale pang'ono. Uyu mutu anali nawo, ndipo nkhope yake yobiriwira inali italunjika kwa iye.

"Yayera?" ananong'ona Nsama ali m'bulangeti.

Blackson anayang'ana nkhope ija, n'kuganiza za palafini wa abusa, n'kuganizanso za maloji a ku Mtendere. Anatsimikiza kuti m'mawa adzaonetsa a Kafula mbali ya mpando yokha, n'kunena kuti mausi yafa.

"Yayera, gona," anatero.

Anazimitsa kompyuta, kuzula waya pakhoma, n'kukalowa m'bulangeti ndi nsapato zomwe. Chimphikacho chinapitiriza kuwala mobiriwira kumsana kwake, ndipo iye sanatembenuke.