Pamene Kuwala kwa Tochi Kunathera

Adérito anachoka pa baraka yogulitsira mowa ya a Custódio ku Nsadzo anthu ambiri atagona kale. Sanachedwe ndi mowa ayi. Anachedwa ndi tochi.

Munthuyu ankakonda matochi monga ena amakondera agalu osaka. Kunyumba anali nawo angapo, koma yapamtima inali yakuda, yachitsulo, imene anaigula kumalire ku Cassacatiza kwa woyendetsa galimoto wa ku Zambia. Inali yotchaja ngati telefoni, ndipo mutu wake unkakokeka. Ukaukankhira mkati, kuwala kunkamwazikira ponseponse pafupi. Ukaukokera kunja, kunkasanduka kadontho koyera kothamangira kutali.

Tsiku limenelo mlamu wake Nilton anabwera ndi tochi yatsopano, bokosi lake lolembedwa manambala aakuluakulu.

"Bokosi silinawalepo, alamu," anatero Adérito. "Manambala aliyense angalembe."

"Nanga yanuyo, yogula kwa anthu odutsa?" anayankha Nilton. "Anakugulitsani yofunira nsabwe m'bulangete."

A Custódio atatopa ndi mkanganowo anaika malamulo. Adikire mdima weniweni, pakuti kunalibe mwezi. Eni matochi aime pa mwala umodzi, osasuntha. Munthu wina anyamule thumba loyera la ufa, aziyenda nalo mumsewu mpaka oonerera atafuula kuti sakulionanso, ndipo pamenepo paikidwe mwala. Eni matochi asalankhule, chifukwa maso a mwini tochi amaona ngakhale zimene kulibe.

Ya Adérito inapambana. Mwala wake unakagona patsogolo kwambiri pa wa Nilton. Koma Nilton sanagonje. Anati kuthamanga si kufika, awayatse onse awiri patebulo aone yoyamba kufooka. Anakhala pamenepo akuwayang'ana ngati odwazika matenda. Ya Nilton itazilala, Adérito anazimitsa yake n'kuimirira.

"Gonani konkuno," anatero a Custódio. "Kumapiri mvula yagwa tsiku lonse. Mtsinje wadzaza, ndipo mlatho wanu uja mitengo yake ndi yakale. Komanso tochiyo mwaikama kale."

"Mkazi wanga Generosa ali yekha kunyumba," anayankha Adérito. "Ndipo ngwazi ndili nayo m'manja."

Ananyamuka.

Mvula inali italeka, koma mitambo inatseka nyenyezi zonse. Njira inali yoterera. Adérito anakokera mutu wa tochi kunja, n'kumaponya kadontho kaja pamwamba pa mitengo, pazulu za chiswe, paphiri la kutali. Anali akusekabe mumtima pokumbukira nkhope ya Nilton. Anadutsa minda ya chimanga, anadutsa nyumba ya a Alberto, yomwe ndi yomaliza munthu asanafike kumtsinje. Agalu a pamenepo sanauwe. Anangolira pang'ono n'kulowa pansi pa nkhokwe.

Kenaka kanyali kofiira kanayamba kuphethira pafupi ndi chala chake. Moto unali kutha.

Anafulumiza miyendo. Mtsinje anaumva asanauone. Sunali kulira ngati madzi a masiku onse. Unali kubangula, ukugubuduza miyala ndi zitsa.

Pa mtengo wa mkuyu, pamene njira imatsetserekera kumlatho, panali kakuwala kachikasu, kofooka ngati khala la m'phulusa.

Adérito anaima. Anawalitsa.

Anali bambo wamtali, wa malaya oyera onyowa mpaka kumamatira pathupi. M'dzanja anali ndi tochi yamalata, ya mapilya (mabatire), ngati zija za kalekale, yomangidwa ndi mphira pakati. Kuwala kutam'gunda kumaso sanaphethire.

"Zikomo, bambo," anatero Adérito.

 Maso a munthuyo anali pa tochi ya Adérito.

"Lanterna yabwino," anatero, mawu ake otsika. "Mwaiyesa?"

"Yapambana usiku womwe uno."

"Mwaiyesa pa thumba. Simunaiyese pa njira."

 Munthu ameneyu pa baraka panalibe. Za thumba anazidziwa bwanji?

"Imani pa mwala uwo," anatero mlendoyo. "Ine ndiyenda. Mukasiya kundiona, mufuule. Koma musachoke pa mwala."

Mtima unamuuza Adérito kuti abwerere. Koma tochi yake inali isanakanepo mayeso. Anakwera pa mwalawo, n'kuloza kadontho kaja pamsana pa munthuyo.

Mlendoyo anayamba kutsika. Matope anali ofika m'akakolo, koma mapazi ake sankamveka. Anafika pa mlatho. Anapitirira. Malaya oyera ankachepa, kuchepa…

Tochi inatsika mphamvu yokha. Kadontho kanazilala. Malaya aja anasanduka ngati utsi.

Apa ndi pamene Adérito anayenera kufuula.  Afuule msanga chonchi? Ngwazi ya ku Nsadzo igonje pa mtunda umene ngakhale ya Nilton ikanafika? Munthuyo anali atam'fulatira. Sakanaona.

Anatsitsa phazi limodzi pa mwala paja. Kenaka linalo.

Malaya anaonekanso. Anazilalanso. Adérito anasendera. Maso ake onse anali pa kansalu koyera kaja. Matope anatha pansi pa mapazi ake, anayamba kuponda mitengo. Inali kunjenjemera. Madzi anali kumuwaza m'miyendo. Iye osayang'ana pansi.

Munthuyo anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono.

Adérito ankadziwa bwino kuwala. Chilichonse chimene tochi yagunda chimaponya mthunzi kumbuyo. Koma kumbuyo kwa munthu uyu kunalibe mthunzi. Bango la kutsidya linali kuwala mbee… kupyolera pachifuwa pake!

 Adérito anafuna kubwerera. Koma phazi lake linali litanyamuka kale kuti lipondenso.

"Imani!"

Mawuwo sanachokere kutali. Anamveka m'khutu mwenimweni, ozizira.

Phazi linaima m'malere.

"Mwachoka pa mwala," anatero mawuwo. "Ife a matochi timayang'ana kutali. Kankhirani mutuwo mkati. Mulozetse kumapazi anga."

 Adérito anaukankha. Mutu wa tochi unalowa, kuwala kotsalako kunamwazika pansi.

Kumapazi a munthuyo kunalibe mitengo.

Madzi okhaokha! Akuda, othamanga, thovu lili yakeyake. Munthuyo anaima pamwamba pake, phee, ngati ali pabwalo.

Adérito anatsitsa tochi kumapazi ake. Mtengo umene anaponda unathera pomwepo, wothyoka, zibanthu zake zoyera zili nyomi. Zala za phazi lake zinali pamphepete. Pakati ponse pa mlatho panali patapita ndi madzi.

Anadzutsa mutu.

Palibe munthu.

Kanyali kofiira kanaphethira komaliza. Tochi inazima.

Mdima… Madzi… Mtengo kugwedezeka…

 Anagwada pansi pang'onopang'ono, n'kuyamba kukwawa chammbuyo, akupapasa khungwa ndi manja. Mtengo. Mtengo. Mtengo. Matope! Atangomva matope m'maondo anadzuka n'kuthamanga, akugwa, akudzuka, mpaka anakagunda chitseko cha a Alberto ndi thupi lonse.

A Alberto anali munthu wachikulire, wokhala yekha, wosakonda mafunso. Anatsegula, anamuyang'ana, anam'ponyera mphasa ndi bulangete. Adérito sanagone. Anakhala maso mpaka tambala.

Kutacha anatsikira kumtsinje awiriwo. Madzi anali atatsikako. Kutsidya kunali anthu, ndipo pakati pawo Generosa, manja ali kumutu. Ataona mwamuna wake anakhala pansi m'matope momwemo.

Mlatho unali wodukadi pakati. Ndipo kumapeto kwa mtengo wothyoka uja, pamene phazi la Adérito linaima, panali mwala. Wofanana ndi chibakera, woikidwa bwinobwino, monga aja amaika pamene kuwala kwa tochi kwathera.

"Mwaika ndinu?" anafunsa a Alberto.

Adérito anapukusa mutu. Kenaka anafotokoza zonse: malaya oyera, mayeso, mawu a m'khutu.

A Alberto anafunsa:

"Tochi yake inali yotani?"

"Yamalata. Ya mapilya."

"Yomanga ndi mphira pakati?"

"Inde, bambo."

"Mphira imeneyo ndinadula ndine, pa tchubu cha njinga yanga." Anavula chipewa. "Ameneyo ndi mkulu wanga, Samuele. Tochiyo anabwera nayo kuchokera ku Zambia, nthawi imene tinkabwerera kuno nkhondo itatha. Ankagona nayo kumutu. Mudzi wonse kunalibe ina yoposa imeneyo, ndipo aliyense wobwera ndi yake ankam'tengera kumsewu kukayesana."

"Ali kuti tsopano?" anafunsa Adérito, ngakhale ankadziwa kale.

A Alberto analoza ndi chibwano kumunsi kwa mtsinje.

"Tinam'peza uko, m'mabango, dzinja loyamba titabwerera. Inu mudakali pamsana pa amayi anu. Mlatho unaduka pomwepa, iye akuchokera ku Nsadzo usiku. Tochi inali idakali m'dzanja, tinalephera kum'landa. Tinamuika nayo."

Anavalanso chipewa, n'kutembenuka kubwerera kunyumba. Atayenda pang'ono anaima, osacheuka.

"Nayenso usiku umenewo anali atapambana."